Phunziro: Mphamvu imene ili m'mizere ya lata

Lata limene timagula m'mashopu a zipangizo zomangira kuno ku Pretoria ndi lopyapyala pafupifupi theka la milimita, ndipo lotchipa silifika n'komwe pamenepo. Komabe mmisiri wathupi lake amakwera padenga, n'kuyendapo ndi hamala m'manja, osagwera m'nyumba. Chitsulo chomwecho chisanalowe m'makina chimakhala chokulungidwa mumpukutu, ndipo mutadulako chidutswa n'kuchigwira mbali imodzi, chimangolendewera. Makina opanga mizere sawonjezerapo chitsulo chilichonse. Amangochipinda. Lero tifufuza kumene mphamvuyo ikuchokera. Tiyamba ndi pepala, kenako tikwera padenga, ndipo potsika tiona katoni, chitini ndi kontena.

Tiyambe ndi manja

Aliyense atenge mapepala awiri a A4, mabuku awiri okhuthala mofanana, ndi ndalama zachitsulo zingapo. Ikani mabukuwo patebulo motalikirana masentimita 20, ndipo muyale pepala loyamba pamwamba kuti lilumikize mabuku awiriwo. Ligwera pakati lisananyamule kanthu.

Pepala lachiwiri mulipinde motsatira mulitali mwake: kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, mpata uliwonse ukhale wa masentimita awiri. Litambasuleni pang'ono kuti mizere iime, muligoneke kuti mzere uliwonse uchoke pabuku limodzi kufika pa linalo. Tsopano sanjikani ndalama pakati, imodziimodzi, uku mukuwerenga. Mudabwa kuti kapepala kaja kasenza zingati.

Musathamangire kuwomba m'manja, kwatsala kachitatu. Sendezani mabuku pafupi, mutembenuze pepalalo kuti mizere igone mofanana ndi m'mphepete mwa mabuku. Ligwa nthawi yomweyo, mwina msanga kuposa losapinda lija. Lembani zotsatira zitatuzi m'makope mwanu, chifukwa phunziro lonse latsamira pa zimenezi. Chachitatucho ndi chimene anthu ambiri amaiwala, ndipo madenga ambiri amene mumawaona atabwafuka pakati anawonongeka chifukwa cha icho.

Zimene zimachitika mkati mwa chinthu chikamawerama

Tengani labala yofufutira, mujambule timizere towongoka pambali pake, kuchokera pamwamba kutsika pansi, totalikirana mofanana. Ipindeni kuti mapeto onse awiri aloze kumwamba. Taonani timizere tija. Kumtunda tayandikana, kumunsi tatalikirana, koma chapakati mpata sunasinthe. Zikutanthauza kuti chinthu chikamawerama, mbali yakumtunda imafinyidwa, yakumunsi imakokedwa, pomwe yapakati imangokhala osagwira ntchito.

Choncho chimene chimakana kuwerama ndi chitsulo, pepala kapena thabwa limene lili kutali ndi pakatipo. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo zimathandizana. Choyamba, gawo lakutali liyenera kutamuka kapena kufinyika kwambiri kuti chinthucho chiwerame ngakhale pang'ono, ndiye limakana kwambiri. Chachiwiri, kukana kwakeko kumachitikira patali, monga momwe sipanala ya chigwiriro chachitali imamasulira bauti imene yakanika ndi sipanala yaifupi. Pepala la A4 ndi lokhuthala pafupifupi 0.1 mm, kotero palibe gawo lake limene lili kutali ndi pakati kuposa 0.05 mm. Mutalipinda muja, nsonga za mizere zinakwera, ngalande zinatsika, ndipo pepala lambiri linapezeka lili mamilimita angapo kuchokera pakati. Pepala ndi lomwelo, kulemera n'komweko, koma tsopano lakhala pamalo pamene likugwira ntchito.

Akatswiri a zomangamanga ali ndi lamulo losavuta kukumbukira. Mukawirikiza kawiri mulifupi mwa thabwa, kukana kwake kuwerama kumawirikiza kawiri. Koma mukawirikiza kawiri kukhuthala kwake, kukana kumawirikiza 2 × 2 × 2, kutanthauza kasanu n'katatu. Yesani ndi lula: chafulati imapindika ndi zala ziwiri, koma mukaiimika cham'mbali simungaithe. N'chifukwa chake akalipentala amaimika cham'mbali matabwa a 38 mm × 114 mm aja pomanga denga. Thabwa lomwelo likaima cham'mbali limakana kuwerama kasanu n'kanayi kuposa likagona chafulati, chifukwa 114 ndi 38 katatu, ndipo 3 × 3 ndi 9.

Tsopano tiike manambala palata. Lata lamizere yozungulira, limene tonse tinakula tikuliona, lili ndi mpata wa pafupifupi 76 mm kuchokera pansonga ya mzere umodzi kufika pa winawo, ndipo kuzama kwake ndi pafupifupi 18 mm. Tinene kuti chitsulo chake ndi cha 0.5 mm. Mukawerengera, mupeza kuti motsatira mizere limakana kuwerama pafupifupi ka 2,000 kuposa chitsulo chomwecho chili chafulati. Kuti chitsulo chafulati chifanane nalo, chiyenera kukhuthala pafupifupi 6 mm. Sikweya mita imodzi ya chitsulo chotero imalemera makilogalamu 47, pomwe ya lata lathu imangopitirira pang'ono makilogalamu anayi. Taganizani ndalama yake, ndi mitengo imene ingafunike kuti isenze denga lotero.

Pano chenjerani, chifukwa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri pamayeso. Kukana kuwerama ndi china, kulemera kumene chinthu chingasenze chisanapindikiretu ndi china. Nambala ya 2,000 ija ndi ya choyambacho. Pa chachiwiri, mizere imachulukitsa mphamvu ka 50 kapena 60. Ndi phindu lalikulu ndithu, koma si lofanana, ndipo mmisiri amene sadziwa kusiyanaku amadalira lata mopitirira muyeso chifukwa chongoona kuti silikugwedera.

Mmene lata linafikira kuno

Munthu amene anatenga chiphaso cha luso limeneli ndi Henry Robinson Palmer, injiniya wa padoko la London, m'chaka cha 1829. Ankafuna denga lopepuka la nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Vuto linali dzimbiri, ndipo linachepa Stanislas Sorel wa ku France atatenga chiphaso cha njira yoviika chitsulo mu zinki wosungunuka mu 1837. Kuyambira pamenepo lata linayenda dziko lonse, chifukwa cha chinthu china chimene mizere imachita: malata amalowana. Zana limodzi mukalisanjika silitenga malo, ndiye linkakwera sitima yapamadzi, kenako ngolo ya ng'ombe, mpaka kufika kumalo kopanda njerwa ndi matabwa.

Amene mukufuna kuona ndi maso, pitani ku Irene, kummwera kwa mzinda uno, ku Smuts House. Nyumba imeneyo ndi ya matabwa ndi malata, khoma ndi denga lomwe. Poyamba inali nyumba yodyeramo akuluakulu a asilikali a Britain ku Middelburg. Jan Smuts anaigula mu 1908 pamtengo wa mapaundi 300, anaiphwasula, naibweretsa kufamu yake ya Doornkloof, ndipo anakhalamo mpaka pamene anamwalira mu 1950. Munthu amene anakhala nduna yaikulu ya dziko lino kawiri ankagona m'nyumba ya malata. Ndimakonda kukumbutsa zimenezi ana amene amachita manyazi kunena kuti kwawo ku Mamelodi kapena ku Soshanguve khoma ndi la lata. Vuto la nyumba zimenezo ndi kutentha, kuzizira, moto ndi kuthinana. Lusolo palokha lilibe chochititsa manyazi.

Lata linagwiranso ntchito yankhondo. Mu 1901, pankhondo ya Britain ndi Maburu, Major Rice wa gulu la mainjiniya a asilikali anakonza tinyumba ta alonda ta makoma awiri a malata, pakati pake n'kuthiramo timiyala kuti chipolopolo chisaboole. Tinyumba totere tinamangidwa masauzande ambiri m'mbali mwa njanji.

Nthawi yonseyi malata ankachokera kunja. Zinthu zinayamba kusintha boma litakhazikitsa kampani ya Iscor mu 1928, ndipo fakitale yake yoyamba, ku Pretoria West, inayamba kutulutsa chitsulo mu 1934. Pambuyo pake ntchito ya zitsulo zopyapyala inakhazikika ku Vanderbijlpark. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunabwera lata la IBR, lija la mizere yamakona, limene lero lafika mpaka ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mizere yake ndi yozama pafupifupi 37 mm, kuwirikiza kawiri ya lata lakale, ndipo tsopano mukudziwa tanthauzo la kuzama kowirikiza: limatha kudumpha mpata waukulu pakati pa mitengo, ndipo ngalande zake zimanyamula madzi ambiri padenga losatsetsereka kwenikweni. Koma palibe chaulere. Chitsulo chimene chakwera m'mizere chachoka m'mulifupi, motero IBR imodzi imafolera 686 mm, pomwe lata lamizere yozungulira limafolera 762 mm. Pogula, werengerani zimenezi musanayerekeze mitengo.

Ngakhale ndege zinavalapo mizere. Junkers Ju 52 ya ku Germany, imene South African Airways inkagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930, thupi lake lonse linali la aluminiyamu yamizere. Opanga ndege anaisiya njirayi chifukwa mizere imagwira mphepo ndege ikamathamanga kwambiri.

Mphamvu ya mbali imodzi

Tibwerere ku chotsatira chachitatu chija. Motsatira mizere lata ndi lolimba, koma mopingasa ndi lofewa ngati lisanapindidwe. N'chifukwa chake munthu amatha kulikulunga, n'kulimanga ndi chingwe, n'kulikweza panjinga. Kufewa kumeneku si chilema ayi. Amisiri amakudziwa ndipo amakulemekeza.

Pofolera, mizere imatsika kuchokera pamsonga pa denga kupita kumunsi, kuti madzi atsate ngalande. Mitengo imene lata likhomedwepo iyenera kupingasa mizereyo. Mukaigoneka mofanana ndi mizere, mwabwereza pepala lotembenuza lija, ndipo phazi loyamba kupondapo lidzakuuzani. Mpata wa pakati pa mitengoyo nawo si wongoganizira. Mukauwirikiza kawiri, lata losenza katundu wofalikira paliponse, monga matalala amene amaunjikana padenga m'dzinja la kuno ku Gauteng, limawerama ka 16. Munthu amene wapulumutsa ndalama ya mitengo iwiri amadzalipira ndi denga lonse.

Msomali wa lata lamizere yozungulira umakhomedwa pansonga ya mzere, osati mungalande momwe madzi amadutsa. Koma musaumenye mpaka mzere kuphwanyika. Apa ndi pamene pali chinsinsi china cha phunziroli. Chinthu chopyapyala chimapirira kukokedwa, koma chikafinyidwa chimathawira pambali n'kukhwinyata. Tayesani kukoka pepala mbali zonse ziwiri: ndi lolimba. Likankheni: likhwinyata pomwepo. Nsonga ya mzere ndiyo imafinyidwa lata likasenza katundu, ndipo imapirira pokhapokha ikhale yowongoka. Pamene pafwaphuka ndi hamala, ndi mwala wotsendereza denga, kapena ndi chidendene cha munthu, m'pamene lata limadzathyokera. Choncho poyenda padenga pondani pamene pali mzera wa misomali, chifukwa pansi pake pali mtengo, ndipo pa IBR pondani mungalande, osati pamzere. Mukayang'anitsitsa malata ambiri amakono muona timizere ting'onoting'ono m'malo afulati apakati. Ntchito yake ndi kuletsa malo amenewo kukhwinyata ndi kulira mphepo ikawomba.

Mawu amodzi pa za kupyapyala. Mizere imachulukitsa mphamvu ya chitsulo chimene chilipo, siilenga chitsulo. Lata la 0.3 mm ndi la 0.5 mm mukaziona patali zimafanana, ndipo ogulitsa ena amadalira zimenezo. Lopyapyalalo limafwaphuka msanga, msomali umang'amba bowo lake mphepo ikakoka, ndipo dzimbiri silichedwa kuliboola. Funsani kukhuthala kwake m'mamilimita. Kwathu ku Malawi amanena za geji, ndipo kumbukirani kuti nambala ikamakula lata likupyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32.

Katoni

Ng'ambani chidutswa cha katoni muyang'ane m'mphepete. Muona mapepala atatu: awiri afulati kunja, ndi limodzi lamizere pakati, lomatidwa ku onse awiri. Pepala lamizere linayamba ku England mu 1856, ndipo ntchito yake inali kulimbitsa zipewa zazitali. Albert Jones wa ku New York analigwiritsa ntchito yokulungira katundu wosweka mu 1871, ndipo mu 1874 Oliver Long anawonjezera mapepala afulati aja.

Pano mizere ikugwira ntchito ina yowonjezera. Ikusunga mapepala awiri akunja motalikirana, mamilimita atatu kapena anayi, kuti limodzi lizikokedwa pamene lina likufinyidwa. Komanso mapepala afulatiwo akugwira mizere kuti isatambasuke, ndiye katoni sikulungika mosavuta ngati lata. Mukaona m'mbali mwa bokosi lililonse lopangidwa bwino, mizere imaima chilili, kuti iliyonse ikhale kamzati kosenza mabokosi apamwamba.

Ambiri mwa inu makolo anu amatumiza katundu kumudzi pabasi kapena palole, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza. Auzeni zinthu zitatu. Bokosi lisagonekedwe cham'mbali, chifukwa mizere ikagona mizati ija yatha. Mabokosi asanjikidwe ngodya pangodya, popeza mphamvu yambiri ili m'ngodya, pamene katoni yapindidwa. Bokosi laling'ono lolemera likakhala pakati pa chivundikiro cha lalikulu, limamira. Ndipo katoni isanyowe. Chinyezi chimafewetsa pepala ndi guluu yemwe, ndipo mizere ikangomatuka mwatsala ndi mapepala atatu wamba. Chingwe chomanga mothina kwambiri nacho chimadula ngodya zomwezo zimene timadalira, ndiye ndi bwino kuikapo kachidutswa ka katoni pamene chingwe chikukhota.

Chitini, botolo ndi kontena

Chitini cha nyemba kapena cha jamu chimakhala ndi mizere yozungulira thupi lake, koma cha zakumwa zoziziritsa kukhosi chilibe. Chifukwa chiyani? Chakudya chimatsekeredwa ndi kuphikidwa m'chitini momwemo. Chikamazizira, mkati mumachepa mphamvu ya mpweya, ndipo mpweya wakunja umakankha khoma kuti lilowe mkati. Kumeneko ndi kufinyidwa, mdani wa chinthu chopyapyala, ndipo mizere yozungulira ija ndi imene imakana. M'chitini cha chakumwa muli gasi amene amakankhira kunja, khoma limakhala lokokedwa, ndipo chinthu chopyapyala sichiopa kukokedwa. Chitsekuleni, gasi atuluke, muone mmene chimafwaphukira ndi zala. Pansi pake pokha m'pamene anapakumba mozungulira kulowa mkati, kuti gasiyo asapatupitse. Botolo la pulasitiki la madzi akumwa lilibe gasi, motero analipatsa mizere kuti lisafwaphuke m'dzanja. La chakumwa cha gasi nthawi zambiri limakhala losalala.

Kontena imene anthu amasandutsa shopu kapena saluni m'makwalala a Atteridgeville ndi Hammanskraal ili ndi makoma achitsulo cha pafupifupi mamilimita awiri okha, chamizere yoima. Kulemera kwa makontena osanjikizana kumatsikira m'mizati inayi ya m'ngodya, koma khoma lamizere ndi limene limagwira bokosi lonse kuti lisapotoke kapena kuwerama pakati. Munthu akadula khomalo kuti aike zenera lalikulu logulitsirapo, wachotsa mphamvu, ndipo ayenera kuwotcherera felemu yachitsulo kuzungulira bowolo. Ambiri satero, ndipo denga la kontena limayamba kusunga madzi pamwamba pa zeneralo.

Ku Silverton, kumene Ford imapanga Ranger, ndi ku Rosslyn, kumene BMW yakhala ikupanga galimoto kuyambira 1973, makina akuluakulu amadinda zitsulo zopyapyala kuti zikhale zitseko ndi maboneti. Mizere imene mumaiona pathupi la galimoto si yokongoletsa chabe, ndipo pansi pa bodi ya bakkie pali mizere yofanana ndi ya padenga. Chilengedwe chinayamba kale zimenezi. Tsamba la mgwalangwa ndi lopindapinda ngati pepala lanu lachiwiri lija, ndipo tsamba la chimanga limaima chifukwa cha msana wake wapakati. Mukauthyola msanawo limagwa.

Ntchito yokachitira kunyumba

1. Pindani mapepala atatu a A4: loyamba mipata ya sentimita imodzi, lachiwiri masentimita awiri, lachitatu masentimita anayi. Yesani lililonse pampata wa masentimita 20 ndi ndalama za mtundu umodzi. Lembani kuchuluka kwa ndalama, komanso mmene pepalalo lagwera: kodi mizere yatambasukira m'mbali, kapena nsonga yakhwinyata? Fotokozani chifukwa chake mizere yozama kwambiri siipambana nthawi zonse.

2. Matani pepala lafulati pansi pa limodzi mwa mapepala opindawo, muyesenso. Mwapanga chiyani, ndipo chasintha n'chiyani?

3. Thabwa la 50 mm × 76 mm lagonekedwa chafulati m'malo moimikidwa. Werengerani kuti kukana kwake kuwerama kwachepa kangati.

4. Pezani zinthu zisanu zamizere kapena zopindidwa m'mphepete kunyumba kwanu, kupatula lata ndi katoni. Pa chilichonse jambulani kumene mizere yaloza, ndipo mulembe mphamvu imene ikukana. Tepi yoyezera ya akalipentala ikhale chimodzi mwa zisanuzo, ndipo mubwere nayo mkalasi Lolemba, tidzaone kuti imatalika bwanji isanathyoke ikayang'ana kumwamba, ndi ikatembenuzidwa.